Sindidziwa kusambira, kodi ndikwere boti la liwiro kupita ku chilumba?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Ife a banki m'khonde, tilipo anthu 14, tagwirizana kuti tikagawana ndalama mu Julayi tipite ku Senga Bay. Mnyamata wina wa kumeneko watilonjeza boti la liwiro lotitengera ku chilumba cha Maleri, akuti tikaona nsomba titavala magalasi a m'madzi, n'kubwerako tsiku lomwelo. Vuto langa n'lakuti sindidziwa kusambira, ndipo anzanga sindinawauze. Ndikufunanso kutenga mwana wanga wamwamuna wa zaka 9. Ndikonzekere bwanji, ndipo nditenge chiyani?

Yankho: Mayi, pitani. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ambiri a ife a m'tauni muno timakalamba tisanaonepo zimene zili pansi pa nyanja yathu yomwe, pamene ena amakwera ndege kuchokera kutali kudzaona zomwezo. Kusadziwa kusambira sikukuletsani. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'maboti onyamula alendo ku Cape Maclear ndi ku Salima ndinatsitsirapo m'madzi agogo amene sanaviikepo nkhope ngakhale m'beseni, ndipo anabwerera kwawo ali bwinobwino, akusimba mpaka kukhosi kuuma. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu aja akuti "anzanga sindinawauze".

Munthu amene amativuta panyanja si amene wanena poyera kuti satha kusambira. Ameneyo timamuveka jekete loyandamitsa, timamuika pafupi, maso athu sachoka pa iye. Wotivuta ndi uja wakhala chete chifukwa cha manyazi. Ndimakumbukirabe bambo wina wa thupi lake, wochokera konkuno ku Lilongwe, amene tinapita naye ku chilumba cha Thumbi pamodzi ndi anzake a kuntchito. Nditamupatsa jekete anakana, nati iye anakula akusamba mumtsinje wa Bua. Analumphira m'madzi, galasi lake linalowa madzi pang'ono, ndipo pofuna kuponda pansi anapeza kuti pansipo palibe. Sanakuwe. Sanakwezenso dzanja. Anangoima chilili m'madzimo, mutu utapendekera kumbuyo, pakamwa pakumira ndi kutuluka, manja akukankha madzi ngati akukwera makwerero osaoneka. Anzake anali pafupi naye zedi, akujambulana. Ndinamuponyera choyandamitsa chokhala ndi chingwe, ndipo titamukokera m'boti anakhala nthawi yaitali osayankhula, milomo ikungonjenjemera. Munthu akamamira alibe mpweya wokuwira, wonse umathera pofuna kupuma, ndipo zimenezi nthawi zambiri sizitenga ngakhale miniti imodzi yathunthu asanazimiririke. Kusamba pa Bua madzi akulekeza m'chiuno ndi kwina, kuyandama pamwamba pa madzi akuya mamita khumi ndi kwinanso. Komanso madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho sanyamula thupi ngati mmene amachitira a ku Zanzibar kapena ku Beira. Ngakhale wodziwa kusambira amatopa msanga kuno.

Ndiye pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, musanayambe kuwerenga masheya, imirirani munene kuti simutha kusambira. Sindingadabwe ngati manja ambiri atakwera pambuyo pa lanu. Lembani papepala amene satha kusambira, amene ali ndi mphumu, khunyu, matenda a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amene ali woyembekezera. Pepala limenelo mukalipereke kwa woyendetsa boti musanakwere. Wa khunyu ndi wa mtima ayambe aonana ndi dokotala wake, ndipo akalowa m'madzi akhale ndi munthu wake womuyang'anira payekha. Woyembekezera sindimulangiza kukwera boti la liwiro, chifukwa cha kugunda kumene ndifotokoze pansipa.

Tsopano za mwezi umene mwasankha. Julayi ndi pakati penipeni pa nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Seputembala. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500 ndipo inagona motsatira njira ya mphepo imeneyi, ndiye mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira woti akule. Mwera ukalimba umatha masiku atatu kapena anayi osapuma, ndipo asodzi amene anabadwira pagombe amakokera mabwato awo kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde. Sitima ya Vipya, imene inamira mu Julayi chaka cha 1946 n'kupha anthu 145, inagubuduzika ndi mphepo ya nyengo yomweyi, ndipo inali sitima yachitsulo, osati kaboti ka anthu khumi. Madzinso mu Julayi amakhala ozizirirapo, moti mwana wa zaka 9 akatha mphindi 20 m'madzi amatuluka mano akugundana.

Ndikanakhala ine ndikusunga ndalama za gululo, ndikanapempha kuti ulendo udikire kumapeto a Seputembala, Okutobala kapena kumayambiriro a Novembala. Nthawi imeneyo nyanja imakhala ya bata masiku ambiri, madzi ndi ofunda, ndipo ndi oyera mbee chifukwa mitsinje yaphwa. Izi n'zofunika kwambiri ku Maleri kuposa malo ena, chifukwa zilumba zitatu zija, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zili moyandikana ndi pamene mtsinje wa Linthipe umathirira m'nyanja. Mvula ikayamba, matope onse a ku Dedza ndi Lilongwe amatsikira kumeneko, ndipo mukhoza kuvala galasi n'kungoona chifunga cha bulauni. Ngati tsiku silingasinthike, chabwino, koma gwirizanani zinthu ziwiri. Choyamba, mvetserani chenjezo la a zanyengo pa wailesi kapena pa tsamba lawo la Facebook masiku awiri ulendo usanafike, chifukwa akamayembekezera mwera wamphamvu amalengeza. Chachiwiri, muuzeni mnyamatayo pasadakhale kuti mphepo ikakula ndalama zibwezedwa kapena tsiku lisunthidwa. Gulu limene lalipira kale zonse, labwereka minibasi, laphika mpunga usiku wonse, limavuta kulibweza pagombe. Limakakamiza woyendetsa boti, naye poopa kutaya ndalama amavomera. Mukafika n'kuona mafunde akuchita thovu loyera pakati pa nyanja, ndipo mabwato a asodzi ali pamchenga, tsiku limenelo ndi losewera m'mphepete basi.

Mnyamata amene wakulonjezani botiyo mwina si mwini wake ndipo mwina si woyendetsa. Ambiri pagombe paja ntchito yawo ndi yopezera maboti makasitomala, ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma inu mukufunika kuyankhula ndi amene adzagwire chiwongolero. Safunsa anadya phula. Mufunseni kuti botilo linalembetsedwa kunyamula anthu angati, ndipo akutumizireni chithunzi chake pa WhatsApp. Maboti ambiri a liwiro a m'malo ogona alendo sanyamula anthu 14 kuphatikizapo makula bokosi ndi mapoto. Ngati ndi la anthu asanu ndi atatu, ayende maulendo awiri kapena apeze maboti awiri, ngakhale mafuta akwere mtengo. Mufunseni kuti majekete oyandamitsa ali nawo angati, ndipo yankho likhale nambala. "Alipo, mayi, musadandaule" si nambala. Mufunsenso ngati ali ndi jekete la msinkhu wa mwana, ngati boti lili ndi makwerero okwerera kuchokera m'madzi, ngati amatenga nkhafi, nangula ndi mafuta apadera, ndiponso ngati adzakhala ndi mnzake wolowa m'madzi ndi alendo pamene iye watsala m'boti. Munthu mmodzi sangayang'anire injini ndi mitu 14 nthawi imodzi. Nkhani ya makwerero ena amaipeputsa, koma kukweza mayi wotopa, wovala jekete lonyowa, m'boti lopanda makwerero ndi ntchito ya amuna atatu, ndipo nthiti zimasupuka.

Dziwaninso kuti zilumba za Maleri zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zomwe mukupita kukaonazo. Pali ndalama yolowera, ndipo ya Amalawi ndi yotsika kusiyana ndi ya alendo akunja, choncho tengani zitupa zanu za unzika. Funsani ngati ndalama imeneyo ili kale mu mtengo umene mwauzidwa. Kuwedza pafupi ndi zilumbazo n'koletsedwa.

Jekete livalidwe pagombe, boti lisananyamuke, ndipo livulidwe mutapondanso mchenga. Mangani malamba onse. Kenaka mnzanu aligwire m'mapewa alikokere m'mwamba. Likakwera mpaka kufika m'makutu, ndi lalikulu, ndipo m'madzi lidzayandama lokha inu mukutsika m'kati mwake. Finyani thonje lake la m'kati: ngati laphwanyika ngati buledi wa dzana, kapena malamba anaduka n'kumangidwa ndi chingwe, pemphani lina. Kwa mwana wanu ndiye musanyengerere konse. Jekete la munthu wamkulu pa mwana wa zaka 9 limavuka mosavuta akangokweza manja. La ana labwino limakhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Ngati kumeneko alibe, funsani kwa anzanu kapena m'masitolo a zamasewera muno mu Lilongwe musananyamuke. Likapanda kupezeka, mwanayo asakwere. Ndikudziwa kuti adzalira, koma pamenepo musabwerere m'mbuyo.

Pa malo okhala m'boti anthu amalakwitsa kawirikawiri. Aliyense amathamangira kutsogolo chifukwa n'kumene zithunzi zimakoma. Koma boti la liwiro likamadumpha mafunde, mphuno yake ndi imene imakwera kwambiri n'kugwa mwamphamvu, ndipo kugunda kumeneko kumalowera mumsana. Anthu amavulala mafupa a msana mwanjira imeneyi. Kumbuyo, pafupi ndi woyendetsa, n'kumene kumagwedezeka pang'ono. Inu, mwana, achikulire ndi aliyense wa vuto la msana mukhale kumeneko. Pondani pansi mwamphamvu, mawondo opindika pang'ono, dzanja limodzi ligwire chitsulo. Mwana asakhale m'mphepete miyendo ikulendewera kunja. Liwiro likakuchulukirani, nenani kuti achepetse. Mwalipira ndinu.

Za mseru: idyani kadzutsa wopepuka, tiyi ndi buledi, mbatata kapena nthochi. Osakwera ndi njala, komanso osakwera mutakhuta chipisi cha mafuta. M'boti yang'anani kutali, kumapiri kapena pamene madzi akumana ndi thambo, ndipo foni ikhale m'chikwama, chifukwa kuwerenga mauthenga boti likugwedezeka n'kumene kumautsa chizungulire. Ngati mumasanza m'basi ya ku Mzuzu, mudzasanzanso m'boti. Pitani ku famase mukafunse mapiritsi a mseru wa paulendo, ndipo mufunse kuti amwedwe nthawi yanji, chifukwa ena amafuna ola limodzi, ena maola awiri musanakwere. Mseru ukayamba kale sathandiza kwenikweni. Ambiri mwa iwo amagonetsa, choncho ayeseni kunyumba tsiku lina kuti muone mmene amakutengerani, ndipo mwana musamupatse osafunsa mlingo wake.

Mowa udikire mpaka mutabwerako kumtunda. Ndikudziwa mmene maulendo a magulu amakhalira, kula bokosi imatsegulidwa musanadutse n'komwe pa Kanengo. Koma amene wamwa asalowe m'madzi, ndipo woyendetsa boti akamanunkha mowa, tsikani nonse.

Zovala. Chitenje ndi chabwino podzifunda m'boti ndi poyala pamchenga, koma musalowe nacho m'madzi akuya. Chikanyowa chimalemera, chimamasuka, n'kukulunga miyendo. Chimodzimodzi siketi yaitali ndi jinzi. Simukufunika zovala zosambirira zoonetsa thupi ngati simuzikonda. Pitani pa kaunjika kwa Tsoka mukapeze taiti yofika m'mawondo kapena kumapazi ndi malaya a manja aatali a nsalu yoterera ngati ya yunifomu ya mpira, ogwira thupi. Zimauma msanga, sizikoka madzi, ndipo zimatchinga dzuwa. Kumapazi muvale nsapato zomanga ndi lamba kapena matenesi akale, chifukwa miyala ya pachilumba imaterera ndi ndere ndipo masana imatentha ngati chiwaya. Mapatapata amatsalira m'madzi. Mu Julayi tenganinso juzi kapena jekete la mvula lovala pobwerera, pakuti thupi lonyowa pa boti lothamanga limazizidwa kwambiri.

Tsitsi ndilinenenso, chifukwa ndinaonapo amayi akukana kulowa m'madzi atafika kale pachilumba chifukwa cha wivi imene aika dzulo lake. Wigi siyani kunyumba. Lukani mizere yogona kapena chilichonse chosatukuka kumbuyo kwa mutu, poti lamba wa galasi amadutsa pamenepo, ndipo tsitsi lililonse lolowa pansi pa mphira wa galasi pachipumi limalowetsa madzi. Kukonzetsa kwa ndalama zambiri kudikire mutabwerako.

Ena amati khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Limapsa. Munthu woyang'ana nsomba amagona chafufumimba pamadzi kwa ola lathunthu, ndipo khosi, makutu, msana ndi kumbuyo kwa miyendo zimakhala pa dzuwa pamene madzi ozizira akumunamiza kuti zonse zili bwino. Usiku wake ndi pamene amalephera kugona chagada. Gulani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, dzolani mphindi 20 musanalowe m'madzi, ndipo bwerezani pakatha maola awiri aliwonse komanso mukangotuluka m'madzi. Pamphumi ndi m'masaya musachulutse chifukwa galasi limaterereka. Ngati m'gulu muli wa khungu la chialubino, iyeyo avale zofunda thupi lonse, chipewa chachikulu, mafuta a SPF 50, ndipo mufunse ngati boti lili ndi denga. Chipewa cha aliyense chikhale cha chingwe, apo ayi mphepo idzachitenga musanafike patali.

Tifike pa galasi ndi kapaipi kopumira, kamene a kunyanja amangokatchula kuti snorkel. Apa ndi pamene anthu ambiri amagonjera m'mphindi zisanu zoyamba, osati chifukwa choti n'kovuta, koma chifukwa amapatsidwa zipangizo ali kale pamadzi akuya, boti likugwedezeka, anzawo akuwafulumizitsa. Inu mupemphe kuti akupatseni muli pagombe. Posankha galasi, liikeni kumaso osakoloweka lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, n'kuchotsa manja. Likamatirira, ndi lanu. Likagwa, yesani lina. Lamba musamange kwambiri, chifukwa kumangitsa kumapinda mphira n'kulowetsa madzi ambiri. Kuti lisachite nthunzi, lavulirani malovu m'kati mwake likadali louma, pakani ndi chala, n'kutsukuluza kamodzi. Amene amavala magalasi a maso adziwe kuti salowa m'kati mwa galasi la m'madzi, koma madzi amakulitsa zinthu ndipo nsomba zimabwera pafupi, ndiye ambiri amaona ndithu. Kapaipi kamene kalumidwa ndi anthu ena katsukidwe ndi sopo inu mukuona.

Mphuno imakhala m'kati mwa galasi, choncho mupuma ndi pakamwa pokha. Thupi limakana zimenezi poyamba, ndipo mukhoza kulizoloweretsa muli ku Area 25 konko. Thirani madzi m'beseni lalikulu, tsinani mphuno, viikani nkhope, tulutsani mpweya pang'onopang'ono ndi pakamwa, dzukani, bwerezani. Chitani ndi mwana wanu madzulo angapo ngati masewera. Ngati mungathe, lipirani tsiku limodzi kapena awiri pa damu losambirira la pa hotela kapena kalabu ina muno m'tauni, mukaphunzire chinthu chimodzi chokha: kugona chagada pamadzi osachita mantha. Mukafika ku Senga Bay, gwadani pamadzi olekeza m'mawondo mutavala jekete ndi galasi, ikani nkhope m'madzi, pumani kakhumi pang'onopang'ono mukumva mpweya wanu ukulira m'kapaipi. Mukatha zimenezo, zotsalazo n'zosavuta.

Madzi akalowa m'kapaipi, uzirani mwamphamvu kamodzi ngati mukunena kuti "tu!", ndipo adzatuluka pamwamba. Akakana, kapena galasi likadzaza, musalimbane nazo nkhope ili pansi. Tembenukani chagada, jekete likunyamulani, lavulani kapaipi, pumani, khuthulani galasi, kenaka yambiraninso. Kutembenuka chagada kumeneku ndi kumene ndimafuna mlendo aliyense achite ndikuona asanachoke pafupi ndi boti. Miyendo ikakokana, mukatopa, mukatsamwa, yankho ndi lomwelo: chagada, dzanja limodzi m'mwamba. Pemphani kuti amangirire chingwe chokhala ndi choyandamitsa kumbuyo kwa boti, kapena wothandiza uja akukokeni mutagwira choyandamitsacho. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Musatsike m'madzi injini isanazimitsidwe, ndipo musayandikire kumbuyo kwa boti woyendetsa asanakuuzeni, chifukwa pulopela, chitsulo cha injini chimene chimazungulira m'madzi, imadula ngati chikwanje. Yendani awiriawiri, aliyense adziwe mnzake. Mwana wanu akhale pamtunda woti dzanja la munthu wamkulu wodziwa kusambira limufikire, ndipo munthu ameneyo asakhale inu, popeza inunso mukuphunzira. Musankhe mmodzi wotsala m'boti wopanda foni m'manja, ntchito yake kuwerenga mitu basi, azisinthana ndi wina. Muwerengane ponyamuka pagombe, potuluka m'madzi, ndi ponyamuka pachilumba. Anyamata odziwa kusambira amakonda kupikisana kukhalitsa pansi pa madzi atayamba apuma mofulumira kambirimbiri. Aletseni. Kupuma koteroko kumachedwetsa chizindikiro chimene thupi limapereka kuti mpweya watha, ndipo munthu amakomoka ali pansi osamva kalikonse.

Tsono zimene mukaone n'zimene zimandichititsa kulemba zonsezi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse ya banja la chambo sipezeka kwina kulikonse. Za m'miyala zija zimatchedwa mbuna. Ndi zazing'ono ngati chikhatho cha mwana, zina zabuluu wowala, zina zachikasu, zina za mizere ngati mbidzi, ndipo chifukwa sizikonda kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya, chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Zimene mukaone ku Maleri zina simungazipeze ku Thumbi kapena ku Likoma. Musazithamangitse ndipo musamenye madzi ndi miyendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukangoyandama phee pamwamba pa thanthwe, zimabwerera pa ntchito yawo: zina zikupala ndere pamwala ndi timano tawo, yaimuna ikuthamangitsa inzake pa kamalo kake. Yang'anani yaikazi imene yatupa kukhosi ndipo sikudya. Imeneyo yafungatira mazira m'kamwa, ndipo imakhala choncho pafupifupi milungu itatu. Tsiku lina ndinali ndi mayi wina wachikulire atagwira dzanja langa ngati chitsulo, mantha ali tho. Pansi pathu nsomba ina inalavula tiana take ngati utsi, tikuyendayenda pamwala, ndipo chithunzithunzi chathu chitadutsa, tonse tinathamangira kubwerera m'kamwa mwa make. Mayiyo anakuwa m'kapaipi momwemo, nadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, waona? Yawameza ana ake kuwabisa!" Dzanja langa analisiya osadziwa, ndipo anali womaliza kutuluka m'madzi tsiku limenelo.

Ena amaponyera nsombazi buledi kuti zisonkhane. Ine sindikonda, chifukwa matumbo a mbuna anapangidwira ndere, ndipo zimabwera zokha ngakhale popanda nyambo. Miyala ndi zigoba zisiyeni pomwe zili. Sambirani pokhapo pamene woyendetsa wakuonetsani, osati m'mabango kapena pafupi ndi mathiriro a mitsinje, kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo dzuwa likamapendeka mukhale mutatuluka.

Pali nkhani ina imene eni maboti satchula kawirikawiri: likodzo. Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu, osati pakamwa, ndipo simumva kanthu. Timachuluka m'madzi osaya, odekha, a zomera, pafupi ndi midzi pamene anthu amasamba ndi kuchapa. Pa miyala ya pachilumba chiopsezo n'chochepa, koma sichitheratu, ndipo pokwera boti mudzaponda madzi a pagombe ndithu. Musaope mpaka kulephera ulendo, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, alipo m'zipatala ndi m'mafamase, ndipo ndi omwe aja ana amalandira kusukulu. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumwa tsiku lomwe abwerako. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, zazing'ono sazipha bwino, choncho pamafunika kudikira milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu. Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, ndiye mukwere sikelo kuchipatala, musangogula n'kugawana. Amwedwe mutadya. Mukaona magazi mumkodzo, makamaka kwa mwana, pitani msanga osadikira. Mukamva kutentha thupi pakatha sabata kapena kuposerapo mutabwerako, kayezetseni malungo ndipo muwauze kuti munali kunyanja.

Za kamba ndi zina zonyamula sindichulutsa. Madzi akumwa malita awiri munthu aliyense, chifukwa dzuwa ndi kupuma ndi pakamwa zimaumitsa kukhosi, ndipo a m'nyanja musamwe. Chakudya chosasasa msanga: mazira owiritsa, nthochi, mtedza, mandasi, nkhuku yokazinga youma bwino. Foni, makiyi, ndalama ndi zitupa muike m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino kapena m'majumbo awiri omanga paderapadera, chifukwa m'boti la liwiro chilichonse chimanyowa. Thaulo ndi zovala zosinthira zikhalenso m'jumbo. Mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga ndi kopopera ka mphumu, akwere nanu m'boti, asatsale m'minibasi. Tengani ndalama zogwirika, poti Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki imene panyanja imabwera n'kupita. Pachilumba musayembekezere chimbudzi kapena nkhuti, ndiye pitani kuchimbudzi musanakwere, ndipo zinyalala zanu zonse mubwere nazo kumtunda.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 120, ulendo wa maola awiri ngati simuimaima, ndipo gulu la anthu 14 limaimaima. Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti pofika 8 koloko mukhale mukuyesa majekete, chifukwa nyanja kawirikawiri imakhala yodekha m'mamawa ndipo mphepo imakula dzuwa likakwera. Gwirizanani ndi woyendetsa ola lobwerera, lisapitirire 2 koloko masana, kuti injini ikavuta pakhale kuwala kokwanira koti ena akupezeni. Wina wotsala kumtunda, kaya ndi dalaivala wa minibasi kaya a pamalo ogona alendo pamene mwakwerera, adziwe chilumba chimene mwapita, ola limene mukuyembekezeka, ndi nambala ya foni ya woyendetsa boti. Dalaivala wa minibasiyo asalowe nawo m'madzi tsiku lonse, apume pamthunzi, chifukwa msewu wa Salima uli ndi zitunda ndi makona, ndipo madzulo mumadzaza njinga za kabaza ndi ngolo zopanda nyali. Muyesetse kudutsa pa Nchezi kusanade.